Nambala Yanga Ili M'makolala a Anthu

Anzanga, munthu amene anandigwetsera bizinesi ndinakumana naye pansi pa ambulera, akugulitsa masimu khadi m'mbali mwa msewu.

Ndinali nditangogula makina anga osokera. Ndinkafuna nambala ya bizinesi yokha, yosiyana ndi ija amandiimbirapo achibale opempha mayunitsi. Vuto linali lakuti ID yanga inatayikira mu minibasi limodzi ndi kachikwama.

"Popanda ID sizitheka, sisi," anatero mnyamatayo. Kenako anandiyang'ananso, n'kumwetulira. "Koma inu nokha ndikuthandizani. Ndilembetsa pa dzina langa, ID yanu ikatuluka tidzasintha."

"Ndiye inu mupindulapo chiyani?"

"Mundisokere shati. Basi."

Pomuyeza m'mapewa tepi inandipulumuka kawiri, ine amene sindigwetsa ngakhale singano. Ndinamupatsa dzina loti Network, poti kulikonse kumene ndili ankandipeza.

Sindinama, mnyamata uja mutu wa bizinesi anali nawo. Ndi iye anandiletsa kujambulira zovala pabedi, neti ikuonekera kumbuyo. Ndi iyenso anabwera ndi nzeru ya malebulo.

"Babe, chovala chilichonse chizikhala ndi nambala yako mkati mwa kolala. Wina akachisirira, mwini wake angopinda kolala, kasitomala wapezeka."

Malebulowo ndinkasokerera pamanja, limodzi limodzi, ndi ulusi wolimba woti ngakhale achape bwanji lisachoke. Zaka zitatu, anzanga. Madiresi aukwati, mayunifomu a kwaya, masuti a ma interview.

Shopu ndinalibe. Ndinkasokera m'chipinda chakuseri kwa asisi anga, anthu ndinkakawayezera kuntchito kwawo kapena pamalo pamene tagwirizana, zomalizidwa ankakapereka ndi Network. Makasitomala anga ankandipeza pa nambala ija basi. Miyezo yawo yonse, chifuwa, chiuno, kutalika, ndinkasunga mu WhatsApp ya nambala yomweyo. Kope ndinalisiya, ndinkati n'zachikale.

ID inatuluka chaka choyamba chomwe. Asisi anandikumbutsa mpaka pakamwa kuuma.

"Iwe, nambala ija unasintha dzina?"

"Tisintha asisi, si ndi munthu wanga yemwe."

"Munthuyo ndi wako, chabwino. Nanga nambala ndi ya ndani?"

Ndinkangoti ndi nsanje, poti chibwenzi chawo chinali chitangotha. Tsiku lina ndinamufunsabe Network, iye n'kukwinya nkhope.

"Ndiye kuti sundikhulupirira eti?"

Ndinachita manyazi mpaka wopepesa ndinakhala ine.

Zinaululika ndi shati. Anabwera atavala yatsopano yomwe sindinasoke ine, thumba lake lopendekeka pang'ono kumanzere. Thumba limenelo ndinkalidziwa. Amasoka choncho ndi mnzanga amene tinaphunzira limodzi utelala, yemwe ndinkamutchula kuti Besti, ndipo ndakhala ndikumuseka nazo kuyambira kalekale.

"Shati iyi wakusokera ndani?"

"Ndagula."

"Network, msoko wa Besti ndingauzindikire ndili mtulo."

Anakanda pachibwano. "Ndiye... ukufuna nditani?"

Ndinamuuza kuti zatha. Ndinalira masiku awiri, ndikuganiza kuti ndataya mwamuna yekha.

Tsiku lachitatu m'mawa foni inangolemba kuti simu siikugwira. Ndinazimitsa, kuyatsa, kupukuta simu pasiketi, ayi ndithu. WhatsApp nayo inanditulutsa, miyezo yonse n'kupitira komweko. Ndinathamangira ku ofesi ya kampani ya mafoni tsitsi losapesa.

Mayi wa pakauntala anayang'ana pakompyuta. "Mwini wake anabwera dzulo. Anati simu inatayika, tinamupatsa ina."

"Mwini wake ndine!"

"Pepani chemwali, dzina lili apali ndi lachimuna."

Nditafika kunyumba ndinabwereka foni ya asisi n'kuimba nambala yanga. Inaitana kawiri.

"Hello, mukufuna kusoketsa chani?"

Mawu a Besti. Okoma, osanjenjemera ngakhale pang'ono, ngati wakhala akuyankha nambala imeneyo moyo wake wonse. Ndinadula. Asisi sananene kuti ndinkakuuza, anangondichotsa foni m'manja n'kundikhazika pansi. Bola akanandikalipira.

Ndinapita pa ambulera paja. Network anandiuza maso ali gwa kuti nambala ndi yake, ndipo nzeru ya malebulo inalinso yake. Makasitomala akaimba, akuti amawauza kuti telala uja anasiya kusoka koma ntchito ikupitirira.

Panopa ndayambiranso. Nambala yatsopano, pa dzina langa. Kope ndinagula. Makasitomala amene ndinkadziwa kuntchito kwawo ndinawalondola wapansi, ena anabwerera, ambiri sindidziwa n'komwe kumene amakhala.

Koma chimene chandipangitsa kulemba izi ndi cha dzulo.

Ndinakhala mpando wakumbuyo mu minibasi. Kutsogolo kwanga kunali mtsikana atavala diresi lobiriwira la manja otukumuka. Ndinalizindikira pomwepo, ndinasokera mayi wina wa ku banki, mwina anapatsa mng'ono wake. Mayi amene anakhala naye pafupi analisirira.

"Koma diresi ili! Anakusokerani ndani?"

Mtsikana uja anangopinda kolala. Mayiyo anatulutsa foni n'kuyamba kulemba, ine ndikutchula manambalawo chamumtima, iye asanawerenge n'komwe.

Ndinalephera kupirira. Ndinamugwira paphewa.

"Pepani mayi, nambala imeneyo musaimbe. Diresili ndinasoka ndine, ndikupatseni nambala yanga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngati munasoka ndinu, bwanji pakolala pali nambala ina?"

Anasunga nambala ija. Ndinatsika ndisanafike kwathu, poopa kulira pamaso pa anthu.

Anzanga, ngati mwayamba kabizinesi, nambala, akaunti, tsamba lotsatsira malonda, zonse zikhale pa dzina lanu. Mukondeni munthuyo mmene mungathere, koma pitani ndi ID yanu lero. Ngati akwiya nazo, mwadziwiratu.

Ine zovala zanga zikuyendabe m'tauni muno, chilichonse chikuitanira Besti makasitomala. Ndipo malebulo aja sachoka. Ulusi wake ndinasankha ndekha.