Mphindi Zisanu za Ada Longwe

Mizeck Longwe anakhala tcheyamani wa chipani ku Kande zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo m'zaka zonsezo chipanicho sichinapateko ngakhale ukhansala. Akuluakulu a ku Lilongwe ankamukumbukira chisankho chikayandikira, n'kumutumizira nsalu makumi atatu zoti agawire anthu zikwi zitatu.

Ntchito yake yeniyeni inali pamaliro. Akatha kulankhula abanja amaitanidwa achipani, kenaka mpingo. Mphindi zisanu za achipanizo Mizeck ankazikonzekera ngati mayeso. Ankapalasa njinga mpaka ku Chintheche kukafunsa kuti malemu ankasodza ndi yani, ankaimba kwaya iti. Chipani ankachitchula pomalizira, mwamanyazi.

Chaka chatha likulu linati likufuna achinyamata. Mpando unapita kwa Prince, wogwira ntchito pa loji, wa mafoni awiri. Mizeck anapereka chidindo ndi mbendera, nabwerera kukaviika chinangwa ndi mkazi wake Belita. Udindo sanaulire. Chinkamuwawa n'kukhala chete pamaliro.

Kenaka anamwalira Watipaso, msodzi amene anakula naye. Mizeck anakhala kumbuyo pansi pa mtengo wa mango, zolankhula ali nazo, koma pamndandanda wa olankhula dzina lake panalibe.

Prince anawerenga za mufoni. "Chipani chathu chataya mzati," anatero. Amuna anatsokomola. Kande yense ankadziwa kuti Watipaso chipanicho sanachivotereko.

Woyendetsa mwambo ali pafupi kuitana abusa, Lois, mkazi wa malemu, ananong'oneza Belita. Belita anadzagwada pafupi ndi woyendetsayo.

"Ama Lois akuti bokosi lisanyamuke atcheyamani asanalankhule."

"Si awa angolankhulawa, ama?"

"Awa ndi achipani. Iwo akuti atcheyamani."

Woyendetsayo anayang'ana pepala lake, nalipinda. "Ada Longwe, bwerani."

Mizeck anaimirira n'kumanga batani la jekete.

"Munthu wagona apayu," anayamba, "anandikana kasanu konse. Ankandiuza pamaso: 'Mizeck, voti yanga sinditaya m'madzi.' Koma zotsatira zikatuluka, m'mawa mwake ndinkapeza beseni la usipa pakhomo, akuti ogonja nawonso amadya. Ine lero ndagonjanso, Watipaso. Beseni lili kuti?"

Anthu anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Mphindi zisanu zinadutsa kalekale. Abusa anayang'ana wotchi yawo, kenaka anaivula n'kuiika m'thumba.