Nyumba ya Mpanda Imene Inadya Feteleza wa Amayi

Inu owerenga, ndine mayi wa ana awiri, ndipo zimene ndikulemba panozi sindinawauzepo ngakhale amayi anzanga a kumpingo. Ndinalowa m'nyumba ya lendi imene malipiro anga sakanaikwanitsa, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti sindikwanitsa. Sikuti ndinkasowa pogona ayi. Chinandilowetsa m'nyumbayo ndi nsanje, ndipo amene ndinkamuchitira nsanjeyo ndi mng'ono wanga wa bere limodzi.

Kwathu ndi kwa Chulu. M'banja mwathu tinabadwa akazi awiri okha, ine woyamba, wotsatira Esnart. Bambo athu anamwalira Esnart akadali kupulaimale, choncho nditapeza ntchito pa boma la Kasungu, m'sitolo yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a kumunda, fizi yake ya kusekondale ndinkalipira ndine. Kenako ndinakwatiwa ndi bambo a Tadala, amene ndi dalaivala wa lole ya munthu wina. Ntchito yawo imayenda bwino msika wa fodya ukatsegulidwa, alimi akamatumiza mabelo ku okushoni. Msika ukatsekedwa, lole imatha sabata yathunthu osaliza injini.

Tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, ya malata a dzimbiri, bafa ndi chimbudzi zapanja zogawana ndi mabanja ena atatu. Lendi inali K45,000 pamwezi, pamene ine ndinkalandira K260,000. Sitinali olemera, koma sitinkagona ndi njala. Chaka chilichonse tinkasunga ndalama pang'onopang'ono, makamaka za nyengo ya msika, ndipo pofika Okutobala tinkagula feteleza wa munda wa amayi kwa Chulu. Munda umenewo unkadyetsa amayi, ndipo ifenso ufa sitinkagula.

Esnart anakwatiwa ndi a Phiri, amene amagwira ntchito ya mu ofesi. Patatha chaka chimodzi anasamukira m'nyumba ya mpanda wa njerwa, ya geti lachitsulo. Tsiku limene ndinapita kukaiona, Esnart anandiyendetsa chipinda ndi chipinda, akusangalala ngati mwana. Pansi panali matailosi, kumwamba siling'i, kukhitchini mpope wa madzi, ndipo chimbudzi chinali m'nyumba momwemo. Ndinaseka naye, ndinamuyamikira, koma pobwerera pa kabaza nsanje inandiluma. Ndinkadzifunsa kuti, mwana amene ndinkamugulira sopo ndi makope, lero azindionetsa ine matailosi?

Mwina ndikanapirira pakanapanda nkhani ya amayi. Amayi amavutika ndi mawondo, ndipo nthawi ndi nthawi amabwera kuchipatala pa boma. Zaka zonse ankafikira kwathu, monga kwa mwana wawo wamkulu. Ulendo wina ndinawakonzera pogona, ndinagula nkhuku, ana anasesa pakhomo. Masana anaimba foni kuti afikira kwa Esnart. Anati ndisadandaule, kungoti chimbudzi chokumba chimawavuta kunjuta, pamene kwa mng'ono wanga kuli chokhala pansi.

Amayi sanalakwe chilichonse. Ankanena za mawondo awo basi. Koma ine ndinamva ngati andichotsa ukulu n'kuupereka kwa Esnart. Mawa lake nditapita kukawazonda, ndinawapeza atakhala pa sofa, akumwa tiyi, akuuza a Phiri kuti agona ngati ali kuhotela. Nkhuku ija ndinaidya ndi ana anga, koma ine sinandikomere.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunafuna nyumba mwakachetechete. Sindinkafuna nyumba yabwino chabe. Ndinkafuna yoposa ya Esnart. Ndinaipeza m'dera lomwelo, misewu iwiri kuchokera kwa iye: zipinda zogona zitatu, zimbudzi ziwiri zam'nyumba, khonde lalikulu ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Eni ake anati K170,000 pamwezi, ndipo polowa ndilipire miyezi itatu pakamodzi.

Nditawauza bambo a Tadala, anatenga pensulo ya mwana n'kulemba kuseri kwa kalendala. Anandionetsa kuti pa malipiro anga patsala K90,000 yokha, ya chakudya, magetsi, madzi, makala ndi sukulu ya ana.

"Amake Tadala, ndalama zangazi ndi za miyezi isanu yokha," anatero. "Nanga Januwale tidzalipira ndi chiyani?"

Ndinawayankha mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi. Ndinati, "Amuna anzanu akusunga akazi awo m'mipanda. Inu mukufuna ndifere pamzere wa bafa?"

Ndinaona kuti mawuwo awalasa, ndipo ndinakondwa kuti awalasa, chifukwa ndinadziwa kuti sakananso. Unali mwezi wa Meyi, lole inkapita ku okushoni kawiri pasabata, ndalama zinkaoneka. Ndinatenga zonse zimene tinasungira feteleza n'kukapereka kwa eni nyumba. Mumtima ndinati tidzabwezeretsa msika usanatsekedwe.

Tsiku losamuka katundu wathu yense anakwana theka la lole. Titamuika m'nyumbamo, anaoneka wochepa zomvetsa chisoni. Pabalaza panali timipando tinayi ndi tebulo, munthu ukalankhula mawu ankamveka ngati uli m'tchalitchi mopanda anthu. Mawindo anali akuluakulu, ndipo makatani athu akale sanafike n'komwe pakati. Ndinagula makatani atsopano. Ndinagula sofa, yolipira pang'onopang'ono, chifukwa sindikanalola kuti Esnart adzakhale pa kampando ka thabwa. Ndalama za msika zimene zikanabwezeretsa feteleza zinathera pamenepo.

Esnart atabwera kudzaona nyumbayo, ndinamuyendetsa monga anandiyendetsera. Ndinkamuyang'anitsitsa kumaso, kufuna kuona ngati zikumupweteka. Iye anangosangalala, n'kundikumbatira. Potuluka pageti anandifunsa motsitsa mawu ngati lendi yake si yokwera kwambiri. Ndinamuyankha kuti aliyense amadziwa thumba lake. Ndinaganiza kuti funsolo ndi la nsanje, ndipo tsiku lonse ndinali wokondwa.

Msika unatsekedwa. Lole inaima. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti nyumba yaikulu imadya ngakhale eni ake asanadye. Mayunitsi a magetsi ankatha m'masiku ochepa, moti tinayamba kuyatsa babu limodzi lokha. Bilu ya madzi, imene kale tinkasonkherana mabanja anayi, tsopano inali yathu yokha. Nyama inasowa pakhomo, kenako shuga, kenako ana anayamba kupita kusukulu atangomwa phala lopanda kanthu. Tsiku lolandira malipiro, limene kale linali la chisangalalo, linasanduka tsiku longodutsitsa ndalama kuchoka m'manja mwa abwana kupita m'manja mwa eni nyumba. Kunja anthu ankandipatsa ulemu. Kumpingo anayamba kundiika m'makomiti a zopereka, poti ndimakhala kumipanda. Ndinkavomera, n'kumakabwereka kuti ndisachite manyazi.

Amayi anabwera m'mwezi wa Okutobala, ndipo ulendo uno anafikira kwathu. Chimene ndinkachifuna chija chinachitika. Anagona m'chipinda chawochawo, chimbudzi chili pafupi. Koma m'mawa, ndikuwapatsa tiyi wopanda mkaka, anandifunsa za feteleza. Ndinawanamiza kuti katundu wachedwa kufika kusitolo, ndidzatumiza mvula ikayamba. Taganizani inu owerenga: tsiku ndi tsiku ndinkalembera alimi malisiti a feteleza, ndinkaona matumba akukwezedwa pa njinga ndi pangolo, koma thumba limodzi la mayi wanga ndinalibe nalo ndalama. Amayi anandikhulupirira. Sanapemphe kwa Esnart, chifukwa ankadziwa kuti udindo umenewo ndi wanga, ndipo ine sindikanauza Esnart ngakhale atandiopseza ndi mpeni.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Amayi anabzala, n'kumadikira. Ankaimba foni, ine n'kumati sabata yamawa. Chimanga cha anzawo chinabiriwira, chawo chinachita chikasu chili m'mawondo. Ataona kuti palibe chimene chikubwera, anayamba kupita ku esiteti ya fodya yapafupi kukagwira ganyu yobandira, kuti apeze ndalama yogulira feteleza wa pambale. Mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wa mawondo otupa, kuwerama m'mizere ya fodya wa eni kuyambira m'mawa. Sanandiuze. Ndinamva tsiku limene anagwa m'munda n'kuthyoka fupa la m'chiuno, anthu n'kuwanyamula pangolo.

Unali mwezi wa Januwale, ndipo mwezi womwewo tinalephera kulipira lendi. Febuluwale nayenso tinalephera. Eni nyumba anatipatsa masabata awiri. Bambo a Tadala sanandikalipire, mwina zikanakhala bwino akanandikalipira. Anangolongedza zovala zawo ndi za ana n'kunena kuti akupita kwawo ku Chamama, kumene kuli chakudya ndi sukulu yosalipira, ndipo ine nditsale ndi nyumba yanga. Sofa anabwera kudzailanda amene anandigulitsa. Makatani ndinagulitsa theka la mtengo wake.

Kuchipatala ine ndi Esnart tinkasinthana kudikirira amayi. Masana ena tili panja pa wodi, tikutsuka mbale pampope, anandifunsa chifukwa chimene feteleza sanapitire kumudzi. Ndinalibenso mphamvu zonama. Ndinamuuza zonse, ngakhale za tsiku la nkhuku lija. Anaika mbale pansi n'kundiyang'ana.

"Achemwali, nyumba ijatu si yathu, ndipo sitilipira lendi," anatero. "Ndi ya akulu awo a Phiri amene ali ku Joni. Ife timangoisunga. Akadzabwera, tidzatuluka. Bwanji simunandifunse?"

Anandiuzanso kuti ndalama imene akanamalipira lendi amaisunga, ndipo anagula kale puloti kunja kwa tauni, njerwa anaumba kale. Anati ndikanangomuuza mu Okutobala, feteleza akanagula iye tsiku lomwelo, chifukwa sanaiwale amene anamuphunzitsa sukulu. Analira. Ine ndinalira naye, koma ndikuuzeni zoona, poti ndalonjeza kusabisa kanthu: atatchula za puloti ija, pansi pa misoziyo nsanje inandilumanso. Apa ndi pamene ndinachita mantha ndi mtima wanga. Mayi ali gone m'wodi chifukwa cha ine, banja langa labalalika, koma ine ndikuwawidwabe kuti mng'ono wanga ali ndi njerwa.

Amayi anatuluka m'chipatala, koma kumunda sadzapitanso. Amakhala kwa Esnart. Sanandinenepo mawu oipa, ndipo ndikapita kukawaona amandifunsa ngati ndadya. Chaka chimenecho m'munda mwawo munatuluka matumba awiri okha a chimanga. Ine ndikukhala m'chipinda chimodzi cha K35,000 kuseri kwa msika, ndikubweza pang'onopang'ono zimene ndinabwereka. Bambo a Tadala amabwera ndi ana kamodzi pamwezi. Timacheza bwino, koma nkhani yobwererana akaimva amangoti tione kaye.

Inu owerenga, makamaka inu amene mwangoyamba ntchito m'tauni, ndikupempheni. Musanalipire nyumba, khalani pansi muwerengere ndalama imene mumalandira mwezi wovutitsitsa pachaka, osati mwezi wa msika, osati ndalama imene mukuyembekezera. Ndalamayo muigawe panayi, ndipo lendi isapitirire gawo limodzi. Zikavuta kwambiri, gawo limodzi mwa atatu, pamenepo n'kuphatikiza magetsi ndi madzi. Ine ndinapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo mwaona kumene zinandifikitsa. Mukumbukirenso anthu amene amadya kuchokera m'malipiro anu, ngakhale sakhala nanu, chifukwa lendi ikakwera, oyamba kuvutika ndi iwowo, amene sangakudandaulireni.

Ndipo mukaona mbale wanu kapena mnzanu ali m'nyumba yokongola, musathamangire kupikisana naye. Simudziwa mmene analoweramo. Mufunseni. Funso limodzi lokha, limene kunyada kunandiletsa kufunsa, likanasunga chiuno cha mayi wanga.

Loweruka likubwerali Esnart ndi a Phiri akuyamba kukumba maziko pa puloti yawo, ndipo andipempha kuti ndikathandize kuphikira amisiri. Sindikunamizani kuti mtima wanga wachira. Ndikudziwa kuti ndikakaona zingwe zitamangidwa ndi zipinda zitajambulidwa pansi, nsanje idzandilumanso. Koma ndipita, ndikatunga madzi, ndikasenza njerwa za mng'ono wanga pamutu, ndipo pobwerera ndikagona m'chipinda chimene ndimatha kulipira.