Anandipatsa Masiwiti M'malo Mondiuza Zoona

Chizindikiro choyamba chinali magazi pa mswachi. M'mawa uliwonse ndikamatsuka mano, thovu linkatuluka lofiira. Munali m'nyengo yozizira, ndipo ndinangoti mswachi ndi wolimba, ndikagula wina.

Ine ndimaimba m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Kabwata. Pophunzira nyimbo ndinayamba kuona kuti azimayi anzanga akundisiyira malo mbali zonse ziwiri za benchi. Lero wina andipatse siwiti, mawa winanso siwiti. Ine kupusa, ndinkalandira ndi manja awiri, kuthokoza! Panapita miyezi itatu mwamuna wanga asanalimbe mtima. Anandiuza maso ali kukhoma kuti m'kamwa mwanga mukununkha.

Manyazi anandipititsa kumsika wa ku Kamwala m'malo mwa kuchipatala. Kumeneko bambo wina ankagulitsa mabotolo a mankhwala azitsamba otsukira m'kamwa, obiriwira, onunkhira ngati mandimu. Anati amapha tizilombo tonse, ndipo ndinagula botolo limodzi. Patatha sabata ndinabwerera kukamuuza kuti magazi sakusiya. Iye anati, "Ba mami, ni doti ichoka iyo. Pitilizani chabe." Ndikakumbukira mawu amenewo, oti magaziwo ndi litsiro limene likuchoka, mtima umandiwira mpaka lero.

Ndinapitirizadi kwa miyezi inayi. Fungo linkabisala kwa ola limodzi n'kubwereranso. Nkhama zinatupa, zinayamba kutuluka mafinya, ndipo mano awiri akutsogolo a m'munsi anayamba kugwedera. Mvula itayamba ndinalephera kuluma ngakhale mango akupsa. Tsiku lina ndinadzuka tsaya litatupa, thupi likutentha.

Kuchipatala ndinafika m'mamawa, ndinapeza mzere wafika kale pageti. Ndinatenga khadi, nesi anandiyeza kutentha kwa thupi ndi shuga, n'kunditumiza kwa dokotala wa mano. Ndinalowa dzuwa lili pamutu. Atandiunika ndi kujambula nsagwada, dokotala anati matenda a nkhama adya fupa logwira mano. Ndinamuonetsa botolo lija. Anati, "Ichi chibisa chabe fungo. Sembe munabwela pamene munaona magazi, aya mano sembe sitichosa." Ankatanthauza kuti ndikanafulumira, mano awiri aja sakanazulidwa.

Anandipatsa mapilitsi opha tizilombo a sabata imodzi. Kutupa kutaphwa anazula mano awiriwo. Ndinabwereranso katatu kukapalitsa zolimba zimene zinamatirira m'munsi mwa mano otsala, ndipo kunyumba ndinkachukucha m'kamwa ndi madzi ofunda amchere monga anandilangizira. Zinkapweteka, sindinama.

Wogulitsa uja ndinamukwiyira, koma iye sankandidziwa. Amene anandipweteka kwambiri ndi azimayi omwe ndaimba nawo zaka zonsezi, omwe ndagona nawo pamaliro ambirimbiri. Miyezi itatu yathunthu akudziwa, osanena kanthu, ati kuopa kundichititsa manyazi. Ulemu wanji umenewo?

Panopa ndili bwino. Magazi anasiya, fungo linatha, ndipo ndimavala mano oikirira. Tsiku limene ndinabwerera kukwaya, mayi Tembo, amene ankakhala pafupi nane, anapisa m'chikwama mwachizolowezi n'kundipatsa siwiti. Ndinavula manowo pamaso pa onse, n'kuwaika pachikhatho. Ndinati, "Masiwiti anu aja, zotsatira zake ndi izi."

Mukaona magazi pa mswachi, pitani kuchipatala sabata yomweyo, musataye nthawi ndi mabotolo a m'misewu. Ndipo ngati mnzanu akununkha m'kamwa, siwitiyo idyani nokha. Mutengereni pambali, mumuuze.