Banga la Pamsana pa Amuna Anga

Amuna anga ndi telala ku Namadzi, amasokera pakhonde la sitolo ina. Tsiku lina nditawapititsira chakudya ndinawapeza akusita yunifolomu. Ndinamva fungo la chinthu chopserera. Kuyang'ana, chala chawo chagunda simbi, iwo akungocheza ndi kasitomala.

"Bambo, mukupsatu!"

Anachotsa dzanja n'kuliyang'ana ngati la munthu wina. Sanamve kanthu.

Ndinakumbukira banga lotuwa lomwe linawatuluka pamsana nthawi yokolola, lomwe tinapakapaka mankhwala a zipere koma osachoka. Ndinakumbukiranso bambo ena kwathu ku Mpama ndili mwana, zala zonse zitatha, akudyera okha kuseri kwa nyumba. Dzina la matendawo sindinalitchule. Masabata awiri ndinkangowasuzumira amuna anga m'manja akamadya, iwo akandiona n'kubisa.

Nditawaumiriza tinapita kuchipatala ku Nguludi. Adokotala anawauza kuti avule malaya, atsinzine. Anatenga thonje n'kumawakhudza pamsana.

"Mukamva munene."

Paphewa anati eya. M'nthiti, eya. Thonje litafika pabanga paja anangokhala duu, kudikira kuti adokotala ayambe. Ine ndinkaliona likuyenda pamenepo.

"Ndi khate," anatero adokotala. "Koma mwafulumira. Limachizika, mankhwala ndi aulere, ndipo akayamba kumwa sangapatsirenso munthu."

"Nanga zalazi ziduka? Ine ndimadyera zomwezi," anafunsa amuna anga.

"Siziduka, bola muziziteteza kumoto ndi singano. Mayi, mawa mubwere ndi ana, nonse tikuyezeni."

Apo ndiye mtima unandichoka, chifukwa mwana wathu wamkazi womaliza anali ndi kabanga patsaya. Tsiku lotsatira atamukhudza ndi thonje anaseka, ati likumunyerenyetsa. Adokotala anati si khate, ndinamukumbatira pomwepo.

Amuna anga anamwa mankhwala chaka chathunthu osadumphitsa. Khungu linada chifukwa cha mankhwalawo, makasitomala akafunsa iwo ankati ndi dzuwa la pakhonde. Anachira, ngakhale chala chimodzi chinafa dzanzi mpaka lero.

Abale awo sitinawauzebe. Alamu anga ankakhala nafe nthawi imeneyo asanapite kubanja, ndipo adokotala anati nawonso ayezedwe. Ndimati ndiwaimbira Lamlungu. Lamlungu likafika, foni ndimangoigwira n'kuibwezeranso m'thumba.