Chitseko Chomwe Malume Sanachijambule

Malume anga, aja aliyense ankawatcha Ajambuli, moyo wawo wonse unathera pa masitepe a positi ofesi yakale, ija anamanga atsamunda. Kamera pakhosi, chipewa chopindika, pakamwa posatseka. Akwati, ana asukulu, asilikali obwera kutchuthi, onse ankawaimika pakhomo penipeni. "Sunthirani pakati, mayi. Ndikujambula inu, osati njerwa."

Mawu amenewo ankawanyadira, mpaka ine ankanditopetsa nawo. Ati munthu azidzaza chithunzi basi, khoma silimwetulira.

Ndiye nyumba ija inagwetsedwa malume ali m'chipatala ndi matenda awo a shuga. Potuluka anapeza fumbi ndi malata otchingira. Anangotembenuka n'kubwerera kunyumba.

Patapita nthawi kunabwera mayi wina wa kunyumba yosungirako zinthu zakale. Anati akusonkhanitsa zithunzi za nyumba za nthawi ya atsamunda, koma cha positi ofesi ija alibe ngakhale chimodzi. "Aliyense akuti ndifunse inu, bambo."

"Mwafika," anatero malume, chifuwa patsogolo. "Winanso ndani angakhale nacho?"

Tinakoka makatoni pansi pa bedi, odzaza ndi zithunzi zomwe eni ake sanabwere kudzatenga. Tinafufuza mpaka misana kuwawa. Nyumba yathunthu munalibe. Apa chipilala kuseri kwa phewa la mkwati, apo theka la zenera, pena wotchi yapakhoma itadulidwa ndi chipewa cha msilikali.

Malume ndi makani awo sanagonje. Anayala zithunzi zija pa simenti pabalaza, n'kumalumikiza chidutswa ndi chidutswa, mawondo akulira. Zipilala zinaima, mazenera anakhala m'malo mwake, ngakhale denga linaonekera pang'ono. Koma pakati panatsala anthu okhaokha, akumwetulira, atatchinga chitseko.

Mayi uja anafunsa mwaulemu. "Nanga chitsekocho chinali chotani, bambo? Mungondifotokozera, wina adzachijambula pamanja."

Malume anayang'ananso zithunzi zija pansi. Zaka zonse zija maso awo anali pa nkhope za anthu. Anandiyang'ana ine, ngati ndine ndinkaima pamenepo tsiku ndi tsiku. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipweteka, chifukwa nanenso chitsekocho sindinkachikumbukira.

"Mphwanga," anatero motsitsa mawu, "chinali chobiriwira, eti?"