Ndodo ya Alamu Anga Pabwalo la Ndege

Ndege ndinaikwera koyamba chifukwa cha pulu, masewera a patebulo ogwetsera mipira m'mabowo ndi ndodo. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yosunga katundu m'sitolo ya pa esiteti ya nzimbe ku Nchalo. Tikaweruka tinkasonkhana ku kalabu ya antchito, kumene kunali tebulo limodzi la pulu ndi fani imodzi yongotembenuza mpweya wotentha womwewo. Tsiku lina kunabwera kalata yoti antchito a m'maesiteti a nzimbe a mayiko angapo akakumane ku Joni pampikisano wa masewera, ndipo ife a pulu anatipatsa malo atatu.

Pa malo oyamba panalibe wotsutsa. Anali a alamu anga, amuna a mlongo wanga, Msena wa ku Bangula amene ankayendetsa thirakitala. Akagwira ndodo, enafe tinkangokhala pabenchi n'kumawerenga mipira ikugwa. Malo achiwiri ndinawapeza ine nditagonjetsa anzanga. Achitatu anadzipatsa okha atcheya a kalabu, bambo amene sindinawaonepo akugwetsa mpira m'bowo, koma anati gulu silingapite kunja popanda mtsogoleri wodziwa za ndege. Iwo anali atakwerapo ndege kamodzi popita ku msonkhano ku Lilongwe, ndipo ulendo waufupiwo anali atatifotokozera kwa zaka zinayi.

Alamu anali ndi ndodo yawoyawo. Sinali ya m'sitolo, yomasula pakati ija. Anawasemera mmisiri wina wa ku Chiromo kuchokera ku thabwa la mlombwa la kauntala ya sitolo yakale imene madzi a Ruo anagwetsa. Inali yaitali, yolemera, ndipo kumunsi kwake anaikako mphete ya mkuwa yochotsa ku pampu yakufa. Mlongo wanga amanenabe mpaka lero kuti chaka chimene madzi analowa m'nyumba mwawo, amuna ake anatuluka atasenza ndodoyo pamutu, wailesi ndi bulangete n'kuzisiya zikuyandama.

Tinanyamuka m'mawa pa minibasi, nsonga ya ndodo itatulukira pawindo. Titakwera mapiri a Thabwa, ife anthu a kuchigwa tinayamba kunjenjemera ndi kuzizira, eni ake a kumtunda akuyenda ndi malaya a manja aafupi.

Pabwalo la ndege, mayi wolandira zikwama anayang'ana ndodoyo n'kunena mwaulemu, "Bambo, imeneyi ndipatseni ipite pansi pamodzi ndi zikwama. Mkatimu sakakulolani."

Alamu anasuzumira kuseri kwa kauntala, n'kuona munthu akuponya masutikesi ngati matumba a thonje. Anaikumbatira ndodo yawo. Atcheya anakankha mimba patsogolo.

"Mayi, ine ndege ndinayamba kale kukwera. Aka ndi katundu wa m'manja."

"Chabwino, bwana," anatero mayiyo, akumwetulira ngati namwino amene akudziwa kuti jakisoni ali m'chipinda chinacho.

Zinali zaka zimene malamulo a pandege anali atangolimba kumene chifukwa cha zauchifwamba za kunja. Pakhomo lolowera kodikirira ndege panali makina ounika katundu, ndi achitetezo awiri, bambo wamtali ndi mayi wovala magalasi. Anatiuza kuti tivule malamba ndi nsapato. Atcheya, odziwa za ndege aja, makina anawalirira katatu, poyamba chifukwa cha makiyi a kalabu, kenako chotsegulira mabotolo, kenako baji ya utcheya imene anakana kuivula mpaka atauzidwa kachiwiri. Alamu anagoneka ndodo palamba wa makina. Mutu wake unatulukira uko, mchira ukadali kuno.

Bambo wamtali uja anaitola. "Ichi n'chiyani?"

"Ndodo ya pulu, bwana."

"Sichilowa. N'chida ichi."

"Nkhabe!" anakana alamu, amene akapsa mtima Chisena chimayamba chokha. "Chida cha chiyani? Ndikaphe nacho ndani, mpira wakuda?"

Atcheya anatulutsa kalata ya kampani, ya zidindo ziwiri. Wachitetezo anaiwerenga yonse, kuyambira pa keyala mpaka pa siginecha, n'kuibweza ndi manja awiri.

"Kalatayi ndi yabwino kwambiri, bwana. Kalatayi ilowa. Ndodo ayi."

Pakhoma panali chipepala chofwifwa cha zithunzi za zinthu zoletsedwa: mpeni, lumo, mfuti, machesi, chibonga. Alamu anapita pomwepo, ali chosavala nsapato, dzanja lina litagwira buluku.

"Yanga ili pati apa? Ndionetseni."

Wachitetezo anaika chala pa chibonga. "Nayu m'bale wake. Munthu akhoza kumenya nayo woyendetsa ndege."

"Ine ndimenye woyendetsa ndege tili m'mwamba? Ndiye ayendetse ndani? Ine ndimadziwa thirakitala basi!"

Anthu a pamzere anaseka. Wachitetezo sanaseke. Anati mawu oti kumenya woyendetsa ndege saloledwa kutchulidwa pamalo pano, ndipo akawamvanso aitana apolisi. Ndinafuna kuwakumbutsa kuti anayamba kuwatchula ndi iwo, koma nsapato zanga zinali mbali yawo ya makina.

Tili mkati mokangana, kunamveka phokoso kumbuyo kwathu. Anali olemekezeka ena a ku nyumba ya malamulo, amene nkhope yawo tinkaidziwa chifukwa tinali titaiona pa nsalu za zipani zitatu zosiyana. Anabwerapo kwathu kudzatilonjeza mlatho. M'manja anali ndi ndodo yakuda, yonenepa, ya mutu wa mkango wachitsulo waukulu ngati chibakera. Sankaitsamira. Ankaizunguza m'mwamba poloza anthu owanyamulira zikwama. Wachitetezo wathu uja anaima njo, n'kuwatsegulira kachitseko ka pambali. Anadutsa ndi nsapato zawo, lamba wawo ndi mkango wawo, makina osalira ngakhale pang'ono, poti sanawayandikire n'komwe.

"Nanga iyo?" anafunsa alamu.

"Imeneyo ndi ndodo yoyendera," anayankha wachitetezo. "Yoyendera malamulo amalola."

Ndinaona nkhope ya alamu ikusintha, monga inkachitira akaona njira ya mpira imene enafe sitinkaiona. Anatenga ndodo yawo, kuvala nsapato, n'kunena kuti akaisiya kwa mayi wa zikwama. Ine ndi atcheya tinadutsa n'kuima mbali inayo kuwadikira.

Patapita kanthawi anatulukira kumapeto kwa mzere akutsimphina. Ndodo ya pulu anaigwira chozondotsa, mphete ya mkuwa ikugunda pansi, go, go, go, nkhope ataikwinya ngati munthu amene walumidwa ndi ng'ona. Mayi wina anawapatsa malo kuti adutse. Ine ndinayang'ana kudenga. Alamu anasankha mbali ya mayi wa magalasi, poganiza kuti iyeyo sanawaone bwino poyamba.

"Bambo," anatero mayiyo, "mwendowu wavulala liti?"

"Kalekale, mayi. Thirakitala inandiponda. Umangoyamba mwadzidzidzi, makamaka kukazizira."

"Mwendo uti?"

"Wamanzere."

"Koma mukutsimphina wamanja."

"Ululu umayendayenda, mayi."

Mayiyo anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. "Ndiye simungayende popanda ndodoyi?"

"Ngakhale phazi limodzi."

"Pepani kwambiri, bambo. Munthu wodwala chonchi sitingamulole kuyenda wapansi mpaka pandege. Malamulo salola."

Anayankhula pa kawailesi kake, ndipo posakhalitsa kunabwera njinga ya olumala. Alamu anaiyang'ana, kuyang'ana ine, kuyang'ana wachitetezo wamtali amene tsopano anali atapinda manja kudikira kuti munthu achire pamaso pake. Anakhala panjingapo. Mayi uja anawalanda ndodo mofatsa.

"Poti mwakhala pansi, iyi simukuifunanso. Ipita pansi ndi zikwama."

Anaimata kapepala n'kuipereka kwa munthu yemwe uja woponya masutikesi.

Anawakankha kudutsa pabwalo lonse dzuwa likuswa, anthu onse akutiyang'ana. Pamakwerero a ndege amuna awiri anawanyamula, wina kumapewa wina kumiyendo, munthu amene ankanyamula yekha tayala la ngolo ya nzimbe. Olemekezeka aja, atakhala kutsogolo ndi mkango wawo pamiyendo, anawagwira dzanja podutsa n'kunena kuti boma likuganizira kwambiri anthu ngati iwo.

M'ndege, mtsikana wotumikira anawasamala ngati dzira. Anawafunditsa bulangete, n'kumawabweretsera madzi ndi tiyi mosalekeza. Alamu ankalandira zonse poopa kuoneka amwano. Tisanafike pakati paulendo anandinong'oneza.

"Alamu, ndikufuna kukataya madzi."

Atcheya anamva. "Musayerekeze kuimirira. Akadziwa kuti munanama, atimanga tonse tikangotera. Ine malamulo a ndege ndimawadziwa."

Anapirira. Za mitambo ndi mizinda imene ine ndinkaiona pawindo, iwo sanaonepo kanthu. Maso anali atatseka, thukuta likutsika m'ndege yozizira ngati firiji.

Tinkaganiza kuti tikatera zithera pomwepo, koma uthenga unali utatsogola kale. Anatiuza kuti tidikire onse atsike, ndipo pakhomo panali njinga ina, yatsopano, ndi bambo wovala yunifomu woikankha. Bamboyo ndiye anawapulumutsa powafikitsa ku chimbudzi cha olumala, kumene anakhalako nthawi yaitali ndithu. Ndodo tinaipeza pamalo a katundu wamtali, itagona pakati pa zikwama za gofu, yosathyoka, yosakalika ngakhale pamodzi. Alamu anaiyendetsa chala kuchokera kumutu mpaka kumchira kufuna chilema choti akwiyire nacho, koma sanachipeze.

Otilandira anali ataima ndi chikwangwani. Mkulu wawo anatipatsa moni n'kufunsa kuti katswiri wa ku Malawi amene amumvera mbiri ndi uti. Atcheya analoza panjinga. Mkuluyo anagwira pachifuwa, n'kuthamanga kukasintha chipinda cha alamu kuti chikhale cha pansi, cha zitsulo zogwirira m'bafa. M'mawa mwake alamu anatulukira ku chakudya akuyenda bwinobwino, ndipo atcheya analengeza kwa aliyense wofuna kumva kuti mapemphero a ku Malawi ndi amphamvu.

Mpikisano unachitikira m'holo yaikulu ya matebulo ambiri, obiriwira ngati kapinga wa kunyumba ya manejala. Alamu anawaika kuti asewere ndi mayi wina wa ku Zambia wogwira ntchito mu ofesi, wamfupi, wa ndodo yomasula pakati imene anaitulutsa m'kabokosi. Asanayambe anapempha kuti agwireko ndodo ya alamu. Anaiyeza kulemera n'kufunsa m'chinenero chathu chomwechi, "Atate, iyi si yokankhira bwato?"

Alamu anaseka mwachifundo n'kupaka choko. Mpira woyamba unaphonya bowo pang'ono, kumanzere. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu unakagunda khoma la tebulo n'kubwerera kudzaima pamene unachokera. Ndili pampando ndinazindikira chimene chikuchitika. Tebulo lathu la ku Nchalo ndi lopendekera ku ngodya ya kumtsinje, mwendo umodzi unakhazikika pa katoni yopinda. Alamu anali atatha zaka zonsezo kuphunzira chitunda chimenecho. Mpira uliwonse ankaumenyera pambali podziwa kuti utsetsereka wokha. Tebulo la ku Joni linali lowongoka, ndipo mpira unkangopita kumene aulozera.

Mayi uja anagwetsa mipira yake umodziumodzi mosafulumira, kumalizira wakuda, n'kuwagwira dzanja alamu ndi kuwafunsa ngati mwendo wapola. Nanenso ananditulutsa mumpikisano masana omwewo, koma palibe amene anali ndi nthawi yondiseka.

Pobwerera, alamu anaikulunga okha ndodoyo m'chitenje chimene anagulira mlongo wanga, n'kuipereka pakauntala asanafunsidwe. Pamakina anavula lamba ndi nsapato tikadali kutali ndi mzere. Atafika pabwalo lathu anakumana maso ndi mayi wa magalasi uja akupita kukamwa tiyi. Mayiyo anayang'ana miyendo yawo yonse iwiri n'kunena kuti zipatala za ku Joni n'zabwino. Alamu anangoti, "Takhuta, mayi," kuthokoza kwa Chisena, n'kufulumiza mapazi.

Apa ndiyenera kuvomera tchimo langa. Tili ku Joni ndinaimbira foni mnzanga mmodzi wa kusitolo, n'kumuuza zonse, n'kumulumbiritsa kuti asauze munthu. Choncho minibasi itaima pasiteji ya Nchalo, tinapeza kalabu yonse ikudikira pansi pa mtengo, ndi wilibala imene anaiyalira khushoni ya sofa. Mlongo wanga anali pomwepo, atagwira m'nthiti ndi kuseka amuna ake asanatsike n'komwe.

Alamu anaima pakhomo la minibasi, kundiyang'ana ine nthawi yaitali. Kenako anapereka chikwama kwa akazi awo, n'kukhala mu wilibalamo, ndodo pamaondo.

"Akankhe ndi alamu angawa," anatero. "Mpaka ku kalabu."

Ndinawakankha, dzuwa la Nchalo lili paliwombo, tayala likumira mumchenga, anthu akuimba m'mbuyo mwathu. Atcheya anatsogola akufotokozera ogulitsa nzimbe m'mbali mwa msewu mmene anakambirana ndi akuluakulu a ndege za mayiko awiri. Titafika, manja anga anali ndi matuza, ndipo alamu anandiuza kuti ndiyale mipira, woyamba kusewera nawo ndikhale ine.