Nkhope ya Tomasi Yathera pa Mphero

"Maso ako akadali ndi mphamvu, mwanawe. Tandionera ngati patsala kanthu."

Anatero a Zuze Lachiwiri lapitali, uku akundiika kachitsulo m'dzanja. Kachitsulo kozungulira, kukula kwake ngati chotsekera botolo la zakumwa, kowala ngati poto wongokwechedwa kumene. Anandipatsanso galasi lawo lokulitsa zinthu, lija lomangidwa ndi ulusi wakuda pachogwirira.

Zomwe ndinaona ndikuuzani. Koma muyambe mwamudziwa munthuyu, chifukwa a m'mudzi mwake akhala naye zaka zonsezi osamudziwa.

A Zuze ndi telala wa kwathu kwa Tengani. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo chibwerere ali pakhonde lomwelo, phazi pa makina. Yunifolomu yanga yoyamba anasoka ndi iwo, yaikulu ngati tenti ya anthu othawa madzi. Mayi atadandaula, iwo anangoti, "Mwana amakula, nsalu siikula." Lero ndimakhala ku Nchalo, koma ndikapita kumudzi sindidutsa pakhondepo osapereka moni.

Ena amaweta nkhunda, ena amafera mpira. A Zuze chawo chinali kusonkhanitsa ndalama zachitsulo za Aroma akale, Aroma omwe aja timawamva m'Baibulo. Komanso si za mfumu iliyonse ayi. Za kamnyamata kamodzi basi, ka dzina lalitali moti lilime langa limapindika ndisanafike pakati.

Mbiri yake ankaifotokoza ngati nkhani ya mwana wa mnansi. Bambo a mnyamatayo analanda ufumu wa Roma, n'kumuika mwana wawo, wosakwana zaka khumi, kukhala wachiwiri wawo wodikira mpando. "Ukuuona mutuwu?" ankatero, akuloza ndi singano koma osakhudza. "Ulibe chisoti chaufumu. Anali akadali pamzere." Chaka chitangopitirira pang'ono, asilikali anagalukira. Bamboyo anatumiza mwanayo kuti athawire dziko lina, koma anamugwira pafupi ndi doko la mtsinje waukulu n'kumupha. Kenako nkhope yake anaifafaniza pa zipilala. Ndalama ndi zimene zinapulumuka, poti zinali zitamwazikana kale m'matumba a anthu.

Mwina mukudabwa kuti telala wa kwa Tengani zinamupeza bwanji zimenezi.

Yoyamba anawapatsa ndi wansembe wina wachizungu pa mishoni ya kutsidya, kumene ankasoka mikanjo nkhondo isanafike. Wansembeyo anali ndi kabokosi ka ndalama zotere. Tsiku lina anaona Tomasi, mwana woyamba wa a Zuze, akusewera ndi tizidutswa ta nsalu, ndipo anatulutsa imodzi akuseka. "Taona, si mwana wako uyu?" Chibwano chomwecho, mphuno yomweyo, ngakhale kakhutu kotuluka pang'ono. Anaseka onse awiri, wansembeyo n'kuti itenge.

Tsiku lothawa, a Zuze anaisokera m'kathumba mkati mwa chiuno cha thalauza, ndipo mpaka lero thalauza lawo lililonse lili ndi kathumba kotero. Makina anawasiya, nyumba inapsa. Tomasi anadwala m'njira, m'madambo, ndipo anatsirizika asanakwere bwato lowolokera kuno. Anamuika m'bango, pamalo amene Shire anawameza kalekale. Chithunzi chake panalibe n'chimodzi chomwe. Kodi masiku amenewo mphawi ankajambulitsa?

Ndiye nkhope ya Tomasi inatsala pa kachitsulo kameneko basi. Mayi ake anatisiya. Mlongo wake Rozina anali wakhanda nthawi imeneyo, sakumbukira kanthu. Rozinayo ndi namwino ku Ulaya tsopano, ndipo ndi iye amene ankawatumizira bambo ake ndalama zina zachitsulo za mnyamata wa ku Roma yemweyo akazipeza kwa ogulitsa zinthu zakale. Zonse pamodzi zinafika zisanu ndi imodzi. Mizinda yosiyana inkasula nkhope zosiyana, ina yamasaya, ina ngati ya munthu wamkulu. A Zuze ankaziyala pa kansalu n'kumazifananiza ndi galasi lija. "Izi ndi za mwana wa mfumu," ankatero. "Iyi yokha ndi yanga." Dzimbiri lake lobiriwira sankalola kuti munthu alikande n'chikhadabo chomwe. Ankati dzimbirilo ndiye khungu lake, ukalichotsa wapha ndalama.

Tsopano imvani zimene zachitika sabata yatha.

Mwana wamkazi wa banja loyandikana nawo anadwala, thupi moto, kukomokakomoka. Bambo wina wa kabaza, amene ankawatengera a Zuze timaphukusi ta Rozina ku positi, anakumbukira kuti tsiku lina anawapeza akulankhula ndi kachitsulo. Pakachitsulopo panali mutu wa mwana. Mutu wokha, wopanda thupi! Anauza mnzake pa siteji, mnzakeyo anauza mkazi wake, mkaziyo anapita nayo ku mjigo. Pofika masana nkhani inali itanenepa: mdala wa kutsidya amasunga mitu ya ana m'chitini, anayamba ndi wake yemwe, n'chifukwa chake mwana wake wamkazi ali ku Ulaya pamene athu akudula nzimbe.

Anthu anabwera dzuwa lili paliwombo, osabisala. Ena ananyamula udzu ndi machesi. Sanali alendo ayi, abale anga. Anali anthu ovala mathalauza osokedwa pakhonde lomwelo.

Amene anandifotokozera zonsezi ndi Esinala, mwana wa mlongo wawo, yemwe amakhala nawo n'kumawaphikira. Akuti wina anakuwa kuti zitsulozo ziotchedwe, wina n'kuti chitsulo sichipsa. Ndiye mayi wina anapereka nzeru: mutuwo ukachoka pachitsulopo, mwana wodwalayo amasuka. Zipereredwe pa mphero. Ndipo apere mwini wake, poti wina akagwira zimutembenukira.

Mukuidziwa mphero, mwala uja timaperapo mapira. Anatulutsa ya Esinala pabwalo. A Zuze anagwada, munthu wa imvi mbuu, n'kuyamba kukhula imodziimodzi, kumaso ndi kumbuyo komwe. Anapera zisanu. Atamaliza anatambasula manja kusonyeza kuti zatha.

"Ine ndinaona zisanu ndi imodzi," anatero wa kabaza uja.

Apa n'kuti wina atayandikitsa kale udzu kudenga. Esinala ankadziwa kumene yotsalayo inali, popeza ndi iye amachapa mathalauzawo. "Ndikanatani, achemwali?" anandifunsa, misozi ili chuchuchu. "Nyumba ipse, atsibweni aphedwe ine ndikuona?" Anagwada pafupi nawo n'kunena pamaso pa gulu lonse kuti, "Atsibweni, tulutsani ya m'chiunoyo."

Esinala sindimuweruza. Aliyense wofuna kumuweruza ayambe waima pakati pa machesi ndi denga la udzu.

Akuti a Zuze anaigwira m'manja nthawi yaitali. Anapempha kuti aionetse kaye, afotokoze kuti mwanayo ndi ndani. Anawayankha kuti mfiti siipatsidwa mpata, ikalankhula imakutseka maso. Ndiye anaiika pamwala chafufumimba, napera.

Nanga mwana wodwala uja? Madzulo omwewo bambo ake aang'ono anamutengera kuchipatala panjinga. Anamupeza ndi malungo, anamuika diripi. Wachira, tiyamike Mulungu, ndinamuona ndi maso angawa akunyambita bwemba. Koma pitani pa mjigo mukafunse chimene chamuchiritsa. Akuuzani kuti ndi mphero. Apa ndi pamene ine ndikuchita mantha, chifukwa mankhwala amene anthu akhulupirira kuti agwira ntchito sawataya. Amawasungira nkhalamba ina.

Vuto lathu ndi loti tili ndi madengu awiri okha oikamo chinthu chachilendo: chuma kapena ufiti. Lachitatu kulibe. Ena mwa anyamata omwewa chaka chatha anabwera kwa a Zuze mwaulemu, zipewa m'manja, atamva kuti ndalama zakale zimakoka lezala ndipo akunja amazigula pamtengo wosaneneka. Anayesa lezala, silinakakamire, anachoka akutsonya. Dengu la chuma litakana, linatsala liti? Mwadziwa kale.

Zoti munthu angakonde chinthu chosadyedwa, chosagulitsidwa, chosachiritsa komanso chosapha, kungochikonda basi, mitu yathu imakana. Bwana wa m'tauni akadzaza kabati ndi zinthu zakale timati ndi ophunzira. Mzungu akamatola timiyala m'phiri timathamangira kukamunyamulira chikwama. Koma telala wosauka, wokalamba, wobadwira kutsidya? Iyeyo ayi! Kodi mphawi alibe ufulu wokhala ndi chake cha mumtima?

Ndipo tisanamizane kuti ndi umbuli wa osapita kusukulu. Pagulu lija panali oimba kwaya, panali a masatifiketi awo m'masutikesi. Panalinso ana a anthu amene anawoloka Shire nthawi yomweyo, amene makolo awo anasiyanso manda m'bango lomwelo. Lamulo la dziko lino limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, inde. Koma lamulo limadikira galimoto ipeze mafuta, pamene mphekesera imakwera kabaza.

Amati safunsa anadya phula. Kwathu kuno safunsa phulalo sadya yekha, amadyetsa nkhalamba. Funso limodzi lokha, lakuti "Baba, mwana ameneyu ndi ndani?" likanafunsidwa tsiku lina lililonse m'zaka zonsezi, likanatha nkhani. A Zuze sabisa. Amafotokozera aliyense wofuna kumva, mpaka minibasi kukusiya. Ine ndinadziwa chifukwa ndinafunsa ndikudikira kuti andipindire diresi, palibe nzeru ina imene ndinagwiritsa ntchito. Wa kabaza uja anawanyamulira maphukusi kangati? Anali ndi pakamwa pouzira siteji yonse, koma pofunsira mwini wake panalibe.

Zandiwawa, ndipo ndakwiya. Sindikufuna kubisa.

Inunso amene mukuwerenga muli ndi kanthu kanu pansi pa sutikesi. Mpango wa malemu mayi anu, kansapato ka mwana amene sanakule, wotchi yakufa ya bambo anu imene mumaitulutsa mukakhala nokha. Lero timati n'chikumbutso chifukwa tsitsi lanu likadali lakuda. Dikirani imvi zibwere, mano aguluke, muyambe kulankhula nokha pakhonde, mwana wa mnansi atenthe thupi. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ndibwerere pakhonde paja. Makina ndinawapeza ovundikira ndi chitenje, ndipo Esinala akuti chichitikire zija sanawagwireko. Rozina waimba foni akulira, akuti agula zina. Bambo ake amukaniza. "Za mwana wa mfumu zilipo zambiri," anandiuza. "Ya Tomasi inali imodzi."

"Koma mumtima mukumuona ndithu, baba?" ndinafunsa, funso lopusa la munthu wosowa chonena.

"Ndinkaganiza choncho," anayankha. "Kumbuyoku nkhope ikayamba kuzimirira ndinkangopisa m'chiuno, n'kubwerera. Tsopano ndikatseka maso, khutu ndikulipeza, koma chibwano chikundithawa. Dzana ndinali nacho."

Apa ndi pamene anandiika kachitsulo kaja m'dzanja.

Ndinatenga galasi, ndinatuluka poyera, ndinakapendeketsa padzuwa mbali iyi ndi iyo. Ndinkafunitsitsa kupeza kamzere kalikonse, kansonga ka mphuno, kachidutswa ka khutu, chilembo chimodzi cha m'mphepete. Panali mikwasa ya mwala yokhayokha. Anthu aja anaonetsetsa kuti ntchito yagwirika bwino.

Bodza linali litafika kale pamilomo. Koma munthu amene wayang'ana nkhope imodzi moyo wake wonse sungamunamize za nkhopeyo. Ndinabwerera pakhondepo.

"Nkhabe, eti?" anatero m'Chisena chawo, kufunsa ngati palibedi.

Ndinavomera ndi mutu.

"Takhuta, mwanawe." Anandithokoza, abale, munthu n'kundithokoza! Anakalandira ndi manja awiri, n'kukabwezera m'kathumba ka m'chiuno, pamalo pake pa masiku onse.

Kachitsulo kameneka kanapulumuka m'manja mwa asilikali a Roma. Kanadutsa zaka mazanamazana, kanawoloka nyanja, kanawoloka Shire mfuti zikulira. Kanadzafera kwathu, masanasana, pamwala woperapo chakudya cha ana athu. Pochoka ndinauona mwalawo atautsamiritsa kukhoma, Esinala sakufuna kuugwiranso, mapira akukapera kwa anthu.

Tomasi tamuika m'manda kachiwiri, ndipo ulendo uno khasu tawagwiritsa bambo ake. Kodi pakati pathu alipo amene apite kukapepesa maliro amenewa?